Mmene Mungapendere Mndandanda wa Ma Running Back Sabata Iliyonse mu Fantasy Football ya NFL

Munthu amene akusewera fantasy football ya NFL, ligi ya mpira wa American football ku America, m'mene mumapanga timu ya osewera enieni n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera, amakumana ndi funso limodzimodzi sabata iliyonse kuyambira mu Seputembala mpaka kumapeto kwa Disembala: mwa ma running back amene ali nawo, ndi ati amene alowe m'timu yosewera, nanga ndi ati amene akhale pa benchi? Ambiri amatsegula mndandanda wosanja osewera kuyambira amene akuyembekezeka kuchita bwino koposa, wa pa masamba a intaneti monga ESPN, Yahoo kapena FantasyPros, ndipo akaona kuti uyu ali pa nambala 17 pomwe uyo ali pa nambala 22, amasankha wa pa 17 osafunsanso china. Kutero sikulakwa kwenikweni, pakuti amene amakonza mindandanda imeneyi amatsatira masewerawa usana ndi usiku. Vuto ndi lakuti nambala payokha siikuuzani kumene yachokera, tsiku limene yalembedwa, kapena ngati ikugwirizana ndi malamulo a ligi yanu, ndipo zinthu zitatu zimenezi mungathe kuzifufuza nokha.

Kwa amene anazolowera Fantasy Premier League ndipo angoyamba kumene za NFL, running back ndi wosewera amene amaima kumbuyo kapena pambali pa quarterback (woponya mpira wamkulu wa timu), n'kulandira mpira m'manja ndi kuthamanga nawo, ndipo nthawi zina amatuluka kuti aponyeredwe mpira ngati mmene amachitira ma wide receiver ndi ma tight end, osewera amene amagwira mpira woponyedwa. M'maligi ambiri mumalowetsa ma running back awiri, kuwonjezera apo pali malo otchedwa flex amene mungaikepo running back wachitatu, wide receiver kapena tight end. M'ligi ya anthu 12, osewera a pa nambala 1 mpaka 12 amatchedwa RB1, a pa 13 mpaka 24 ndi RB2, ndipo a pa 25 mpaka 36 ndi amene amapikisanira malo a flex.

Yambani ndi malamulo a ligi yanu

Musanaone dzina la wosewera aliyense, tsegulani malamulo a kawerengedwe ka mapointi m'ligi yanu. Pafupifupi maligi onse amapereka pointi imodzi pa mayadi 10 aliwonse, mapointi 6 pa touchdown (kufika ndi mpira kudutsa mzere wa kumapeto kwa bwalo), ndipo ambiri amachotsa mapointi awiri wosewera akataya mpira n'kutoledwa ndi timu inayo. Kusiyana kwakukulu kuli pa kugwira mpira woponyedwa. Ligi ya PPR imapereka pointi imodzi nthawi iliyonse imene wosewera wagwira mpira, ligi ya half-PPR imapereka theka la pointi, pomwe ligi ya standard siipereka kanthu. Ligi yongotsegulidwa pa ESPN popanda kusintha malamulo imakhala ya PPR, pomwe ya pa Yahoo imakhala ya half-PPR.

Tiyerekeze osewera awiri amene sanapeze touchdown. Woyamba wathamanga ndi mpira maulendo 18 n'kupeza mayadi 85, ndipo wagwira mpira kamodzi n'kuwonjezera mayadi 5. Wachiwiri wathamanga maulendo 8 okha n'kupeza mayadi 35, koma wagwira mpira maulendo 6 n'kupeza mayadi 45. M'ligi ya standard woyamba ali ndi mapointi 9 ndipo wachiwiri ali ndi 8; m'ligi ya half-PPR woyamba ali ndi 9.5 pomwe wachiwiri ali ndi 11. M'ligi ya PPR woyamba ali ndi 10 pomwe wachiwiri wafika pa 14. Zimenezi zimachitikadi pabwalo. Mu 2019 Christian McCaffrey, ali ku Carolina Panthers, anagwira mpira maulendo 116, pomwe mu 2020 Derrick Henry wa Tennessee Titans anathamanga mayadi 2,027 koma anagwira mpira maulendo 19 okha. M'ligi ya PPR kusiyana kumeneku pakokha ndi mapointi 97. Choncho onetsetsani kuti mndandanda umene mukuwerenga ndi wa mtundu wa ligi yanu, chifukwa ambiri amatsegukira pa mtundu umodzi ndipo ndi inuyo woyenera kusintha.

Onani tsiku ndi mipata ya pakati pa manambala

Chachiwiri, onani nthawi imene mndandanda unakonzedwa komaliza. Wa Lachiwiri kapena Lachitatu umalembedwa matimu asanatulutse nkhani zonse za ovulala, kotero ndi wothandiza pofuna kutenga osewera pa waiver (amene alibe timu m'ligi yanu), koma si woti mumangirepo timu ya Lamulungu.

Kenako yang'anani mipata. Kuchokera pa nambala 1 kufika pa nambala 6 pangakhale kusiyana kwa mapointi angapo, koma kuchokera pa 18 kufika pa 24 nthawi zambiri kusiyana kumakhala kochepa kwambiri, mwina pointi imodzi kapena iwiri pa zimene akatswiri akuyembekezera. N'chifukwa chake olemba ena amagawa osewera m'magulu otchedwa ma tier, ndipo osewera a gulu limodzi amatengedwa ngati ofanana mphamvu. Mndandanda wa FantasyPros, umene umaphatikiza maganizo a akatswiri ambiri, umaonetsanso nambala yapamwamba ndi yotsikitsitsa imene wosewera wapatsidwa. Wosewera amene onse amuika pakati pa 14 ndi 19 ndi wodziwika bwino. Koma amene wina wamuika pa 11 pomwe wina wamuika pa 35 ali ndi nkhani imene akatswiri sakugwirizana, kaya ndi kuvulala kaya ndi kugawana ntchito ndi mnzake, ndipo nkhani imeneyo ndi imene muyenera kuifufuza. Ngati osewera anu awiri ali m'magulu otalikirana, tsatirani mndandanda ndipo musavutike nazo. Masitepe otsatirawa ndi a pamene awiriwo ali pafupi.

Werengani ntchito imene wosewera akupatsidwa

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa, chifukwa running back sangapeze mapointi ngati kochi wake sakumupatsa mpira, ngakhale atakhala waluso chotani. Mapointi a sabata yatha amanamiza. Wosewera angathe kuthamanga maulendo 7, ulendo umodzi n'kudutsa otchinga onse mayadi 60 mpaka touchdown, n'kutha masewero ali ndi mapointi 16, pomwe mnzake wathamanga maulendo 21 n'kupeza mapointi 8 okha. Sabata yotsatira wodalirika ndi wachiwiriyo, pakuti maulendo 21 angathe kubwerezedwa, koma kuthamanga mayadi 60 kamodzi n'kosowa. Wogula chimanga wanzeru amapisa dzanja mpaka pansi pa thumba, sakhutira ndi chimene chili pamwamba. Mapointi ndiwo ali pamwamba pa thumba, ntchito ndiyo ili pansi.

Ziwerengero zoyenera kuzifufuza zimapezeka pa Pro Football Reference ndiponso m'mapulogalamu monga Sleeper, ESPN ndi Yahoo. Choyamba ndi ma snap, kutanthauza maulendo amene wosewera anali m'bwalo pamene timu yake inali ndi mpira. Gawani ma snap ake ndi ma snap onse a timuyo kuti mupeze peresenti. Amene amakhala m'bwalo pa ma snap 7 mwa 10 aliwonse ndiye mwini malowo, pomwe amene ali pa theka kapena kucheperapo akugawana ntchito ndi wina. Chachiwiri ndi ma carry, amene ndi maulendo othamanga ndi mpira. Chachitatu ndi ma target, maulendo amene quarterback anamuponyera mpira, kaya anaugwira kaya ayi. M'ligi ya PPR target imodzi imabweretsa mapointi ambiri kuposa carry imodzi, popeza kugwira kokhako ndi pointi ndipo mpira wogwidwa kawirikawiri umapereka mayadi ochulukirapo.

Musawerenge sabata imodzi yokha. Tengani masabata atatu kapena anayi apitawa ndipo muone kumene manambala akulowera, chifukwa mindandanda imachedwa kuvomereza kuti zinthu zasintha, makamaka ngati wosewera amene akutsika ndi wa dzina lalikulu. Kumayambiriro kwa sizoni ya 2023, anthu ambiri ankadziwa kuti running back woyamba wa Los Angeles Rams ndi Cam Akers. M'masewero oyamba Akers anathamangadi ndi mpira maulendo ambiri kuposa Kyren Williams, koma Williams ndiye anakhala m'bwalo pa ma snap ochuluka. Mwezi wa Seputembala usanathe Akers anatumizidwa ku Minnesota Vikings, ndipo Williams anamaliza sizoniyo ndi mayadi 1,144 m'masewero 12 okha. Amene ankawerenga ma snap anaona zimenezi mindandanda isanasinthe.

Chenjerani ndi masewero amene timu ina inapambana ndi mapointi ambirimbiri. Zikatero makochi amatulutsa osewera odalirika m'chigawo chomaliza, ndipo wachiwiri amaoneka ngati wapatsidwa ntchito yambiri pomwe wangomalizitsa masewero amene atha kale. Mukaona ma carry a wosewera akwera mwadzidzidzi, fufuzani kuti anawapeza m'chigawo chiti.

Ndani amapatsidwa mpira pafupi ndi mzere?

Touchdown imodzi ikufanana ndi mayadi 60, kotero funso la amene amapatsidwa mpira timu ikafika mkati mwa mayadi 5 omaliza ndi lolemera. Mu 2022 Jamaal Williams wa Detroit Lions anapeza ma touchdown 17 pothamanga, ambiri mwa iwo ochokera pafupi kwambiri ndi mzere, ndipo anaphwanya mbiri ya timuyo imene inali ya Barry Sanders. Chaka chotsatira, ali ku New Orleans Saints kumene sanapatsidwe udindo wofanana ndi umenewo, anapeza touchdown imodzi basi. Munthu anali yemweyo, chimene chinasintha ndi ntchito.

Matimu ena amagwiritsa ntchito quarterback pa malo amenewa. Mu 2023 D'Andre Swift anathamanga mayadi 1,049 ku Philadelphia Eagles koma anapeza ma touchdown 5 okha pothamanga, pomwe quarterback wake Jalen Hurts anapeza 15, ambiri mwa njira ija imene anzake amamukankha kumbuyo kuti adutse yadi yomaliza. Buffalo Bills nayonso imakonda kusiyira Josh Allen mpira pafupi ndi mzere. Running back wa timu yotere angakhale wabwino ndithu, koma pomuyerekeza ndi wina wofanana naye, kumbukirani kuti gawo lina la ma touchdown ake limapita kwa wina.

Ganizirani mmene masewero angayendere

Timu imene ikutsogola imathamanga ndi mpira kuti nthawi ithe, pomwe imene ikutsalira imaponya mpira kuti ipeze mapointi mwamsanga. Njira yachidule yodziwira zoyembekezereka ndi kuona ziwerengero za makampani obetcha a ku America, zimene zimaonetsedwa pa ESPN ndi malo ena pambali pa ndandanda ya masewero. Simufunika kubetcha kuti muzigwiritse ntchito. Pali manambala awiri: mapointi onse amene matimu awiriwo akuyembekezeka kupeza pamodzi, ndi kusiyana kumene timu yamphamvu ikuyembekezeka kupambana nako. Ngati onse pamodzi ndi 47 ndipo kusiyana ndi 7, chotsani 7 pa 47, gawani 40 yotsalayo pawiri, ndipo mupeza kuti timu yofooka ikuyembekezeka kupeza 20 pomwe yamphamvu ipeza 27.

Running back wothamanga kwambiri koma wosagwira mpira amapindula timu yake ikamatsogola, ndipo amazimiririka ikatsalira ndi ma touchdown awiri, pakuti kochi amalowetsa mnzake wodziwa kugwira mpira ndi kutchinjiriza quarterback. Amene amachita zonse ziwiri sakhudzidwa kwambiri ndi zimenezi, ndipo n'chifukwa chake amakhala pamwamba pa mndandanda sabata ndi sabata.

Za mphamvu ya otchinga a timu inayo, ine ndimaziika kumapeto. Mapulogalamu ambiri amaonetsa nambala yofiira kapena yobiriwira pambali pa dzina la wosewera, yosonyeza mapointi amene timu inayo yalola ma running back kupeza. M'masabata oyambirira nambala imeneyi imangosonyeza amene timuyo yakumana nawo: imene yasewera ndi Saquon Barkley ndi Derrick Henry motsatizana idzaoneka yofooka ngakhale ili yabwino. Komanso akatswiri anaiwerengera kale pokonza mndandanda, ndiye mukaigwiritsanso ntchito mwaiwerengera kawiri. Chofunika kwambiri, chimene ambiri amachiiwala, ndi kuona ngati osewera asanu akutsogolo amene amatsegulira running back wanu njira ali bwino onse.

Tsatirani lipoti la ovulala mpaka mphindi yomaliza

NFL imalamula matimu kulengeza za ovulala. Pa masewero a Lamulungu, malipoti amatuluka Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo amanena ngati wosewera sanachite nawo zokonzekera, zimene zimalembedwa DNP, ngati anachita pang'ono, kapena ngati anachita zonse. Lachisanu ndi pamene amapatsidwa chizindikiro. Out ndi amene sasewera, Doubtful ndi amene n'zokayikitsa kwambiri kuti asewere ndipo mumuwerengere ngati palibe, pomwe Questionable ndi amene sizikudziwika. Chizindikiro cha Probable chinachotsedwa mu 2016, ndipo kuyambira pamenepo mawu a Questionable amaphimba ovulala pang'ono ndi ovulala kwenikweni omwe.

Poti chizindikirocho sichikwanira, werengani kayendedwe ka masiku atatuwo. DNP ya Lachitatu kwa wosewera wamkulu kawirikawiri imakhala kupumula chabe. Amene wayamba ndi DNP, n'kuchita pang'ono Lachinayi, n'kuchita zonse Lachisanu akuchira. Woopsa ndi amene anachita zonse Lachitatu koma Lachisanu sanaoneke, pakuti ameneyo wavulala mkati mwa sabata, ndipo mndandanda umene munauona Lachitatu sukudziwa kanthu za iye. Ganiziraninso kuti wosewera angathe kusewera koma osapatsidwa ntchito yake yonse, makamaka ngati wavulala akakolo kapena mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu.

Mndandanda wa amene sasewera umatuluka mphindi 90 masewero asanayambe. Masewero ambiri a Lamulungu amayamba 1 koloko masana ku New York, imene ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa ndi 7 koloko madzulo, ndipo imakhala 8 koloko America ikabweza mawotchi kumayambiriro kwa Novembala. Choncho nthawi yoyang'ananso timu yanu ndi hafu pasiti 5 madzulo, kapena hafu pasiti 6 kuyambira mu Novembala. Masewero a ku London, a pa Wembley ndi pa Tottenham Hotspur Stadium, amayamba masana mpira wina wonse wa Lamulungu usanayambe, ndipo osewera ake amatsekeredwa m'timu yanu nthawi yomweyo.

Vuto lalikulu lili pa masewero a Lolemba usiku, amene kuno amachitika Lachiwiri m'bandakucha. Pa 9 Seputembala 2024, San Francisco 49ers inkasewera ndi New York Jets. McCaffrey, amene m'maligi ambiri anasankhidwa woyamba chaka chimenecho, anali ndi chizindikiro cha Questionable, koma anthu ankayembekezera kuti asewera ndipo mindandanda inamusiya pamwamba. Mphindi 90 masewero asanayambe analengezedwa kuti sasewera chifukwa cha vuto la katumba ndi mtsempha wa chidendene. Jordan Mason, amene analowa m'malo mwake, anathamanga maulendo 28, napeza mayadi 147 ndi touchdown imodzi. Amene anali ndi McCaffrey koma alibe Mason analibe wina womulowetsa, popeza masewero ena onse a sabatayo anali atatha. Choncho ngati wosewera wanu wa Questionable akusewera Lolemba, tengani wachiwiri wake kapena wosewera wina wa masewero omwewo Lamulungu lisanafike, ndipo ngati simungathe, lowetsani wina wa Lamulungu ngakhale ali pansi pang'ono pa mndandanda.

Kuvulala kwa mnzake wa wosewera wanu nakonso kumasintha zinthu. Jahmyr Gibbs ndi David Montgomery ankagawana ntchito ku Detroit mu 2024, ndipo Montgomery atavulala bondo mu Disembala, Gibbs anatenga pafupifupi ntchito yonse n'kumaliza sizoni ndi ma touchdown 20. Koma si wachiwiri aliyense amene amalandira ntchito yonse ya woyamba. Makochi ena amaigawa kwa anthu awiri kapena atatu, kotero onani zimene kochi ameneyo anachita pamene zoterezi zinachitikapo kale.

Kusankha komaliza

Mukafika pano muli ndi osewera awiri kapena atatu a gulu limodzi, ndipo mukudziwa ntchito ya aliyense. Tsopano yang'anani timu ya mdani wanu wa sabatayo. Ngati mukuyembekezeka kupambana mosavuta, sankhani amene ntchito yake ndi yotsimikizika, amene sangakupatseni mapointi ochepera 8 kapena 9 ngakhale zinthu zitavuta. Ngati mdani wanu ali ndi timu yamphamvu kuposa yanu, mapointi 9 sakuthandizani, ndipo ndi bwino kusankha wosewera wa liwiro amene angakupatseni 4 kapena 22.

Samalaninso ndi kaikidwe. Wosewera wa Lachinayi usiku muikeni pa malo a running back, osati pa flex, ndipo pa flex muikepo amene asewere mochedwa kuposa onse. Mukatero, nkhani yoipa ikabwera mochedwa mungathe kulowetsa wide receiver kapena tight end pa malopo. Timu iliyonse imapuma sabata imodzi pa masabata 18 a sizoni, ndipo wosewera amene timu yake ikupuma (bye) saoneka n'komwe pa mndandanda, choncho mukasowa dzina lake fufuzani zimenezo musanaganize kuti wavulala.

Ndi liti pamene muyenera kutsutsa mndandanda? Maganizo anga ndi akuti muutsutse pokhapokha ngati mungathe kutchula chinthu chenicheni chimene mndandandawo sunawerengere: nkhani imene yatuluka utakonzedwa kale, lamulo la ligi yanu losiyana ndi la anthu ena, kapena kusintha kwa ma snap kumene kwaoneka masabata angapo motsatizana. Kukonda timu, kukwiyira wosewera chifukwa cha sabata yatha, kapena kukumbukira kuti munamusankha koyambirira pa draft (kusankhana osewera sizoni isanayambe) si zifukwa.

Lachiwiri, masewero onse atatha, lembani mwachidule amene munasankha, chifukwa chake, ndi ma snap, ma carry ndi ma target amene aliyense anapeza. Ngati amene munamusankha anapatsidwa mpira maulendo 20 koma wa pa benchi anamuposa ndi touchdown imodzi yaitali, kusankha kwanu kunali kolondola ndipo musasinthe njira. Ngati anapatsidwa maulendo 6 pomwe inu munkayembekezera 18, pali chimene simunachione, ndipo muchipeze sabata ina isanafike. Zolemba zimenezi zidzakuonetsaninso katswiri amene mndandanda wake umasintha msanga nkhani zikatuluka ndi amene amausiya mmene unalili Lachitatu.

Ngati ligi yanu imasewera mpaka sabata ya 18, mndandanda wa sabata imeneyo muuwerenge mosamala kuposa ina yonse, chifukwa matimu amene malo awo mu playoff (ndime yachipulula yolimbirana chikho) atsimikizika amapumitsa osewera odalirika. Mu sizoni ya 2024 Eagles inapumitsa Saquon Barkley m'masewero omaliza ali ndi mayadi 2,005, ngakhale ankangofunika mayadi 101 kuti aphwanye mbiri ya Eric Dickerson ya mayadi 2,105 ya mu 1984. Pa sabata yotere yambani ndi kufufuza matimu amene akulimbirabe malo, ndipo running back wa timu imene ilibe chotaya kapena chopindula mumulowetse pokhapokha kochi wake atanena poyera kuti asewera.